Tambala Amene a Kopolo Anabwerera Naye

A malume anga a Mateyu, amene anthu onse kuno ku Nkaya ankawatchula kuti a Kopolo, tawaika m'manda sabata yathayi. Anadwala monga ankakhalira, osakhazikika. Odwala ena amagona phee n'kumadikira, koma iwo mpaka tsiku lomaliza ankafuna nsapato zawo, ati pali kumene akufuna kupita. Amayi a mpingo amene ankabwera kudzawadwazika anachita kutopa nawo. Pamaliro anthu analankhula zokoma, monga achitira pamaliro, ine n'kumangowayang'ana, chifukwa theka la olankhulawo linakanganapo nawo. Amene anakangana nawo kuposa onse ndine. N'chifukwa chake ndati ndinene za iwo msanga, ndisanayambe kuwakometsera nanenso.

Chachikulu chimene anachita pamoyo wawo n'chimodzi. Anakana kukhala nkhoswe ya mlongo wanga Labisoni, mwana wa mchemwali wawo weniweni, anthu atakhala kale pamphasa, nthungululu zitayamba kale. Labisoni anachoka osabwereranso, ndipo amayi anga sanalankhulenso ndi a malume. Kaya anachita bwino, kaya anatitayitsa mwana pachabe, funso limenelo lawadya zaka zonsezi, ndipo ifenso latidya.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa makutu oima. Pampando ankakhala ndi thako limodzi, linalo lili kale paulendo. Kudya ankadya chiimire. Akabwera kudzacheza ankazungulira nyumba, kugwedeza mzati wa nkhokwe, kusuzumira m'khola, kufunsa funso n'kuchoka yankho lisanathe. Akazi awo, amene anatsogola kale, ankati iwo anakwatiwa ndi kamvuluvulu wovala khaki.

Moni wawo unali wotopetsa. Akagwira dzanja la mlendo sankalisiya msanga. Ankamufunsa funso lolasa, monga lakuti unayamba wabapo, uku chala chawo chikumva ngati m'chikhatho mukutuluka thukuta. Likatuluka ankamwetulira, ati uyu ndi munthu. Pena pakati pa nkhani ankayasamula dala, kukamwa konse yasa, n'kumayang'ana amene ayasamulenso. Ankati kuyasamula kumapatsirana pakati pa anthu amene mitima yawo imamvana, ndipo amene satengera ngakhale kamodzi ngofunika kumuyang'anitsitsa. Koma chonyansa kwambiri chinali cha beseni. Ankazembera munthu kumbuyo n'kugwetsa beseni lachitsulo pamwala, kuti aone ngati adzidzimuka. Azimayi tinkawatukwana chamumtima, chifukwa ana ogona ankadzuka ndipo mabeseni ankatha ndi ife.

Tsiku lina beseni linawachititsa manyazi. Kunabwera telala wina wochokera ku Balaka, a Lifa, kudzayesa anthu zovala za Khirisimasi. A malume anagwetsa beseni, a Lifa osagwedezeka n'komwe, kumangopitiriza kupinda nsalu. Basi a Kopolo anayenda khomo ndi khomo, ati munthu uyu musamusiye ndi ana. Nkhani itafika kwa eni ake, zinadziwika kuti makutu a bamboyo anafa ali mwana, amangowerenga milomo. A malume ananyamula nkhuku, ulendo wapansi mpaka ku Balaka kukapepesa. Ife tinkayesa kuti asiya. Atabwerako anangoti kuyambira lero azidzayamba afunsa kaye za makutu.

Zonsezi anazitenga ku ndende. Anabadwira kwa Kawinga, kumene makolo athu anafikira atachoka kwa Apwitikizi ndi katundu pamutu. Ife tinaoloka Shire kubwera kuno njanji itatsegulidwa, koma iwo anali atalowa kale ntchito ya usilikali wa ndende ku boma, ndipo anakhalako mpaka imvi, ali pa udindo wa kopolo. Ku ndendeko kunkabwera dokotala wachizungu wopima akaidi a milandu ya magazi, kuti aone ngati munthu anapha mutu uli bwino kapena ali wamisala. A malume ndi amene ankamasulira.

Ankati opha anthu ambiri ndi anthu ngati ife tomwe. Wina anapha ndi mowa, wina ndi nsanje, wina pa malire a munda, ndipo akalowa m'chitokosi chakudya chimawakanika, amalira, amaona nkhope ya wakufayo pakhoma. Koma panali ena ochepa amene ankadya mpaka kunyambita mbale, kugona tulo tabwino, kupereka moni waulemu kuposa wa mphunzitsi. Amenewa ankafotokoza mmene anaphera ngati akulozera munthu njira ya kumsika. Asilikali ankawakonda, ena mpaka kuwagawira fodya. A malume ankati nawonso anamukondapo mmodzi, ndipo anazindikira mochedwa kuti mkaidiyo ankangowaphunzira pofewa pawo.

Anafunsa dokotalayo ngati amenewa ndi amisala. Iye anati iyayi, nzeru zawo n'zathunthu, chabwino ndi choipa amazidziwa monga munthu adziwira mayina a mitengo. Anagogoda pachipumi pake ndi pambali pa khutu, nati akuganiza kuti muubongo muli malo amene mantha ndi chisoni zimayakira, ndipo mwa anthu amenewa pamalopo sipayaka. A malume anafunsanso ngati munthu amabadwa choncho kapena amapangidwa ndi nkhanza za omulera. Dokotala anati kwawoko madokotala akukanganabe, ena akuti kubadwa, ena akuti maleredwe, iyeyo akuona ngati zonse ziwiri zimathandizana. Pa za mankhwala anangotambasula manja. Za thukuta ndi kudzidzimuka a malume anazimva kwa iyeyo, koma za kuyasamula anazipeka okha. Mzungu uja anapita kwawo n'kukagona tulo, mawu ake n'kutsala m'mutu mwa a malume anga kumawabaya.

Ndi a Yohane, amene ankaphunzitsa katekisimu, ankakangana pafupifupi Lamulungu lililonse, anthu akutuluka m'tchalitchi. A Yohane ankati Mulungu sanalengepo munthu wopanda chikumbumtima. A malume ankati analenga akhungu, analenga osamva, nanga mtima wosamva ungamukanike bwanji. Apo a Yohane ankawakola, ati ngati munthu sangamve chisoni ngakhale atafuna, ndiye tchimo lake lili pati, ndipo inu munkawamangiranji. A malume ankachoka akuyankhula okha. Mawa lake ankafika ku munda kwa a Yohane ndi theka la yankho, ati khungu si tchimo, koma wakhungu sumupatsa bwato lodzaza ana. A Yohane ankati limenelo si yankho la funso langa, ndipo mkangano unkayambiranso pomwepo pa mzere.

Anthu ankaseka, ati a Kopolo ndende inawasokoneza. Ife a m'banja sitinkaseka kwambiri, chifukwa tinkadziwa amene ankamuganizira.

Labisoni ndinamubereka kumsana ine. Anali mwana wokongola, wa mano oyera, pakamwa pokoma. Akagwa sankalira. Mdima, njoka, galu wolusa, palibe chimene ankaopa. Bodza ankalinena popanda chifukwa, ndipo ukamugwira sankachita manyazi, ankangopanga lina labwino kuposa loyambalo. Abambo athu anali munthu wofatsa, sanamuikepo dzanja mpaka tsiku la linthumbu. Tsiku limenelo Labisoni, ali mnyamata woweta mbuzi, anatenga kamwana ka achemwali a abambo, kamene kanali kongoyamba kulankhula, n'kukamanga ndi luzi pamtengo pamene linthumbu linkadutsa. Ine ndi amene ndinamva kulira. Ndinamupeza Labisoni atanyonyomala patsogolo pa mwanayo, chigongono pabondo, akuyang'ana. Sankaseka, sanali wokwiya. Nditamasula mwanayo n'kumufunsa chifukwa chake, anati amafuna aone ngati linthumbu limayambira kumiyendo kapena kumaso. Abambo anamukwapula mpaka dzanja kuwawa, ndipo madzulo ake Labisoni anadya bwino kuposa tonse.

Amayi ankati walodzedwa. Nkhuku zathu zinathera kwa asing'anga, mwana anatemedwa mphini msana wonse. A malume akabwera patchuthi ankalalata, ati mukutema khungu pamene vuto lili mkati mwa chigaza. Amayi ankati ndiye mutipatse mankhwala anu a chigazawo, achimwene. Apo ankatuluka panja n'kumazungulira nkhokwe.

Abambo atamwalira, Labisoni anali atakula ndithu. Mtembo uli m'nyumba anandifunsa monong'ona ngati njinga ikhala yake. Kumanda analira kuposa aliyense, mpaka azimayi kumugwira. Ine ndinali pambali pake, ndipo ndinaona diso lake likusuzumira pakati pa zala kuona amene akumuyang'ana. Ndinatembenuka, n'kupeza a malume nawonso akuona chomwecho. Sitinakambiranepo mpaka lero.

Asanene wina kuti a Kopolo sanayese. Atapuma ntchito anamutenga kukakhala naye madzinja awiri. Chikoti anachisiya msanga, ati kwa uyu chikoti n'chimodzimodzi mvula, amangodikira kuti ikate. Anapeza kuti chomugwira ndi mphotho. Akamuuza kuti ukamaliza ndime iyi mwendo wa nkhuku ngwako, ndime inkatha. Akamutama pagulu, ankakhala bwino mpaka sabata. A malume anabwera kwathu nkhope ikuwala, ati mwina njira ilipo. Koma anadzaona kuti mphotho ikachoka, munthu amabwerera pomwe anali, ndipo galu wawo anapezeka m'chitsime miyendo itamangidwa. Labisoni anathandiza nawo kumuvuula, n'kumafunsa kuti angachite zoterezi ndani.

Komatu ndisanamizire mlongo wanga. Chaka chimene mtsinje wa Rivirivi unasefukira, anthu ali pamwamba pa chulu madzi akukwera, amuna onse ataima kutsidya kumangoloza, Labisoni ndi amene analowa m'madzi. Anawaolotsa mmodzimmodzi, agogo, ana, mpaka mbuzi. Pakanapanda iye mudzi umenewo ukanalira maliro ambiri. A malume atamva anati inde, wopanda mantha amalowa paliponse. Ine ndinakwiya, ndinawauza kuti inu mwana akachita choipa mukuti ndi ubongo, akachita chabwino mukutinso ndi ubongo, nanga achite chiyani kuti mumuyese munthu. Anati iwe Malita, funso lako ndilibe nalo yankho.

Mmodzi mwa amene anaolotsedwa tsiku limenelo anali Esinati, mtsikana wofatsa wa maso aakulu, mwana mmodzi yekha wamkazi kwa amayi ake. Labisoni anamufunsira, ndipo kwawo kwa mtsikanayo anavomera ndi manja awiri. Ndani angakane mkamwini amene anakuvuula m'madzi? Amayi anga anatsitsimuka, ati ukwati umukhazika pansi. Tsiku la chinkhoswe linapanganidwa. Kwathu kuno ukwati suyenda popanda nkhoswe. Malume wa mnyamata amanyamula tambala, malume wa mtsikana amanyamula msoti, amasinthana pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ndi amene amayankha chilichonse chochitika m'nyumbamo. Nkhoswe ikapereka tambala ndiye kuti yanena kuti munthu uyu ndikumudziwa, mulandireni. Malume wathu anali mmodzi yekha.

Masabata amenewo a Kopolo anaonda kuposa kale. Anapita kwa Kawinga, ati kukaona abale, ndipo atabwerako sanauze munthu chimene anakamva. Tinachimva panjira, m'mawa wa chinkhoswe, tikuyenda kupita ku Rivirivi. Amayi ndi azimayi ena anali patsogolo akuimba. Ine ndinatsalira ndi dengu la ufa, kumbuyo kwa a malume ndi Labisoni. Tambala anali m'khwapa mwa a malume, wofiira, miyendo yomanga.

"Iwe Labisoni, mtsikanayu wamukonda chiyani?"

"Ngwomvera, a malume. Ndipo dimba la amayi ake ndi lalikulu."

"Nanga wa kwa Kawinga uja?"

"Uti?"

Sankazemba ayi. Anaima pang'ono, akufufuzadi m'mutu. Labisoni anakhalako miyezi ingapo kwa abale athu kumeneko, ndipo a malume anakapeza kuti anasiyako mtsikana ali ndi pakati, mkono wothyoka pawiri. Abale anaibisa nkhaniyo poopa manyazi, anangolipira mbuzi.

"Oo, wa mkono uja," anatero Labisoni atakumbukira. "Unapolatu, a malume. Ndinamva kuti akulima."

A malume anasintha tambala kumuika kukhwapa linalo, n'kuyamba kuyenda msanga mpaka kutisiya.

Ku Rivirivi anatilandira ngati mafumu. Mphasa zinayalidwa pansi pa mango, thobwa linali m'mitsuko, Esinati atakhala pakati pa azakhali ake maso pansi. Malume wake, a Simeoni, mkulu wa mpingo wa kumeneko, anaimirira ndi msoti m'manja, analankhula za madzi aja, azimayi n'kululutira. Kenaka anatambasula manja kuti apereke. A malume anga anaimirira, koma tambala sanamuchotse m'khwapa.

"A Simeoni, nkhoswe ndi munthu amene mudzamuitane zinthu zikadzavuta. Ine ndikudziwa kuti mudzandiitana, ndipo ndikuopa chimene ndidzapeze. Mwana uyu ngwanga, magazi anga. Sindikumuperekera."

Ngakhale ana anasiya kusewera.

"Kodi a Kopolo, mnyamatayu ngwamisala?" anafunsa a Simeoni.

"Iyayi."

"Ndi mfiti? Ndi chidakwa?"

"Iyayi. Nzeru ali nazo, mphamvu ali nazo. Koma mwana wanu akadzalira, iyeyu sadzamva kanthu. Sikuti adzakwiya. Sadzamva kanthu basi. Pitani kwa Kawinga mukafunse za mkono."

"Achimwene, mukundipha," anatero amayi anga. "Chibale ndi fupa, achimwene. Khalani pansi."

"Ndikakhala pansi, achemwali, mwana wa eni akeyu amuimire ndani?"

Ine manyazi anandigwira. Ndinkafuna nthaka itseguke. Koma amene sanagwedezeke anali Labisoni. Anagwada bwinobwino, n'kuomba m'manja, n'kupepesa kwa a Simeoni ndi kwa onse. Anati a malume ake akalamba, anaona zoopsa zambiri ku ndende, anthu awakhululukire, ndipo iye sawasungira kanthu kukhosi. Analankhula mokoma moti azimayi ena anayamba kulira, kulirira iyeyo. Mnyamata wina aliyense akanatukwana, kapena kuthawa, kapena kugwetsa misozi ya manyazi. Iye mawu ake sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ena anati taonani kuleza mtima kwake. A Simeoni anamuyang'ana, anayang'ananso a malume, kenaka anapereka msoti uja kwa mwana kuti akaubweze m'khola. Anati nkhaniyi iyambe yagona.

Pobwerera palibe amene anaimba. Labisoni anawapeza a malume panjira, n'kuwagwira paphewa mofatsa.

"Musadandaule, a malume. Ndidzabweranso."

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali oopseza kapena otonthoza. A malume nawonso sanadziwe. Tambala uja anafika naye kunyumba, anamumasula, ndipo sanalole kuti aphedwe mpaka anafa yekha ndi ukalamba.

Nkhaniyo sinadzukenso. A Simeoni anatumadi munthu kwa Kawinga, ndipo mbiri inafala midzi yonse ya m'mbali mwa njanji, moti panalibenso khomo limene Labisoni akanagogoda. Mwezi usanathe anakwera sitima ya ku Halale atavala jekete la khaki la a malume, limene analitenga pachingwe. Amayi sanatsanzikidwe.

Kuyambira pamenepo amayi akafuna kunena kanthu kwa mchimwene wawo ankauza ine, kapena mwana, kapena nkhuku zimene zili pabwalo, iwo ali pomwepo. Pa njala yaikulu ija a malume ankabweretsa chimanga n'kuchisiya pakhonde, amayi ankaphika, koma zikomo sanatuluke. Ineyo ndinawanena a malume mawu oipa ambiri. Ndinati mukanakana kunyumba, mwakachetechete, bwanji kudikira pamphasa. Anati kunyumba amayi ako akanapeza msuweni wina womunyamulira tambala, ndipo a ku Rivirivi sakanadziwa kanthu. Ndinati ndiye mwasankha mwana wa eni kusiya wanu. Anati eya. Anangoti eya, n'kuyamba kukonza chitseko changa chimene sichinali chowonongeka.

Amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera zaka ndi zaka koma sanakome. Esinati anawada a malume nthawi yaitali, ati anamuchotsera mwamuna amene anamupulumutsa. Anadzakwatiwa ndi mlimi wa thonje, munthu wamba, amene akamwa amatukwana ndipo mawa lake amapepesa akulira. Ali moyo, ana ake akukula. Kaya Labisoni akanamuchita chiyani, palibe angadziwe, chifukwa chimene sichinachitike chilibe mboni. Za Labisoni timangomva kwa obwera kuchokera ku Halale. Wina anati ndi kapitawo pa famu ya fodya, mzungu amamukonda kwambiri. Wina anati anamuona akulalikira. Wina anati ali m'ndende. Onse ankagwirizana chimodzi, kuti ali ndi mkazi, ngakhale mayina a mkaziyo ankasiyana.

Chimenechi ndi chimene chinawasowetsa mtendere a malume. Akamva kuti kwabwera munthu wochokera kumeneko, ankayenda ngakhale mpaka ku Balaka, ndipo funso loyamba silinali lakuti mwana wathu ali bwanji. Ankafunsa kuti mkazi wakeyo munamuona ndi maso, akuyenda bwinobwino, ali ndi abale pafupi. Tsiku lina anandiuza, tikutola thonje, kuti iwe Malita, ine ndinkayesa kuti ndatchinga. Sindinatchinge kanthu, ndinangomusamutsa. Kuno ndikanakhala nkhoswe, ndikanamanga nyumba pafupi, ndikanamva kulira. Kumeneko mwana wa eni akulira m'chilankhulo china ndipo palibe amene anachenjeza amayi ake. Ndinati ndiye munalakwa. Anati ukandibwezera pamphasa paja ndikananso. Zonse ziwirizo ankazinena ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake sankatha kukhala pansi.

A malume atamwalira, amayi anakana kupita kumaliro. Tinawasiya. Koma dzuwa litakwera, maliro atatsala pang'ono kunyamuka, tinangoona alowa m'siwa ndi ndodo yawo, azimayi n'kuwapatsa malo kumutu. Kenaka analankhula ndi mchimwene wawo, mwachindunji, koyamba chichokereni ku Rivirivi.

"Achimwene, inu munkayesa kuti munadziwira ku ndende. Ine ndinadziwa asanamere mano. Ndinkamuyamwitsa, ndikamuyang'ana m'maso munalibe munthu wondiyang'ana. Ndinkadziwa. Koma mukanandisiyira ine, mwana ngwanga."

Ine pakamwa panga sipagona. Ndinafunsa pomwepo, pamaso pa mtembo, kuti amayi, akanakusiyirani mukananena? Anakonza nsalu imene inali pankhope ya a malume, n'kuikonzanso.

Zaka zawo zomalizira a Kopolo anali ndi malo amodzi okha amene ankakhalitsako pang'ono. Pamene sitima imaima kuno pali mlambe, ndipo pansi pake pali mulu wa zitsulo zakale za njanji. Tsiku lililonse lobwera sitima yochokera kumwera ankakhala pamenepo, chibonga pamiyendo, kaphukusi ka mbatata yootcha pambali. Aliyense wotsika ankamuyang'ana kumaso. Ndinawafunsapo kuti akadzatsika mudzayamba n'chiti, chibonga kapena mbatata. Anati ndikadzamuona nkhope ndidzadziwa. Atayenda pang'ono anabwerera, n'kunena kuti iyayi, ndanama, nkhope yake siuza munthu kanthu.

Dzulo ndinadutsa pamenepo pochokera kuchigayo, ndi mwana wanga wamkazi amene watha msinkhu chaka chino. Chitsulo chapamwamba chikadali chosalala pamene ankakhala, ndipo pansi pali maenje awiri amene zidendene zawo zinakumba posakhazikika. Udzu sunamerebe. Sitima inafika tili pomwepo. Anatsika amuna angapo a majekete ndi masutikesi, ena atavala zipewa zophimba kumaso, n'kumwazikana m'tinjira topita kumidzi. Pansi pa mlambe panali mbuzi zokha, ndipo palibe amene anawayang'ana amunawo kumaso. Ndinamugwira mwana wanga pamkono, tinadikira mpaka womaliza atapita.